CIPATALA CIYAMBIRA PAKHOMO: Mmene thandizo la zaumoyo liyendera ku Katete, Sinda ndi Vubwi

Mabanja ambiri okhala m'makomboni a pa Katete, pa Sinda ndi pa Vubwi akamva mau akuti cipatala, maganizo ao amathamangira ku St Francis, ku Nyanje kapena ku Chipata. Kiliniki yaing'ono yapafupi amaiona ngati malo ongolandirako Panado. Cifukwa ca maganizo amenewa, ena amasunga wodwala m'nyumba masiku atatu kapena anayi uku akufunafuna ndalama ya galimoto, pamene thandizo loyamba linali pa mtunda woyenda ndi miyendo. Pofika ku cipatala cacikuluco matenda amakhala atakula kale. Mankhwala a malungo, a kutsegula m'mimba ndi a cibayo ndi odziwika bwino, koma mwana amene acedwa naye amavuta kupulumutsa ngakhale kwa dokotala wodziwa nchito yake. Ndiye cifukwa cake banja lililonse lifunika kudziwa mmene thandizo la zaumoyo linakonzedwera, ndiponso khomo loyenera kugogoda poyamba.

KUMENE DONGOSOLO LIMENELI LINACOKERA

Mu September 1978 maiko 134 anasonkhana mu mzinda wa Alma-Ata, umene lero uli m'dziko la Kazakhstan. Kumeneko anagwirizana kuti umoyo wa anthu sungasamalidwe ndi zipatala zikuluzikulu zokha. Pafunika madzi abwino, zimbudzi, cakudya cokwanira, katemera, cisamaliro ca amayi ndi ana, ndi mankhwala a matenda ofala, zonsezi zikupezeka pafupi ndi kumene anthu akhala. Dziko la Zambia linayamba kutsata njira imeneyi mu 1981. Mu 1992 boma linakonzanso kayendetsedwe ka zaumoyo, ndipo colinga cinali cakuti thandizo lifike pafupi ndi banja monga mmene kungathekere.

Maboma a Sinda ndi Vubwi ndi atsopano. Onse awiri anakhazikitsidwa mu 2012. Sinda anadulidwa kucokera ku Katete ndi Petauke, ndipo Vubwi anadulidwa kucokera ku Chadiza. Boma lililonse lili ndi ofesi yake ya zaumoyo, imene iyang'anira makiliniki, kugawa mankhwala ndi kutumiza ambulansi.

Zipatso za nchito imeneyi zioneka pa ciwerengero ca ana. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 1996 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 197 anali kumwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pa kafukufuku wa mu 2018 ciwerengero cinatsika kufika pa 61. Katemera, maneti a udzudzu, mankhwala atsopano a malungo ndi kuteteza makanda ku kacirombo ka HIV ndi zina mwa zimene zinathandiza, ndipo zambiri mwa izi zimaperekedwa pa makiliniki aang'ono omwewo amene anthu amawapeputsa.

MAKWERERO A THANDIZO

Thandizo la zaumoyo lili ngati makwerero, ndipo munthu amayambira pansi.

Poyamba pali anthu odzipereka a m'komboni ndi m'mudzi momwe. Ena anaphunzitsidwa kupima malungo ndi kupereka mankhwala ake, ena kulondola odwala TB ndi amene akumwa ma ARV, ena kuyang'anira amayi apakati. Pamwamba pao pali athandizi a zaumoyo ochedwa ma CHA. Gulu lao loyamba linaphunzira ku Ndola kwa caka cathunthu kuyambira mu 2011, ndi kuyamba nchito mu 2012. Iwowa amasankhidwa kucokera m'dera lao lomwe, ndipo nthawi yao yambiri iyenera kuthera poyendera makomo.

Kaciwiri pali kiliniki yaing'ono imene ambiri amaichula kuti health post. Muyeso wa Unduna wa Zaumoyo ndi wakuti kumidzi itumikire mabanja 500, ndipo m'tauni mabanja 1,000, kuti munthu asayende mtunda wopitirira makilomita 5.

Kacitatu pali kiliniki yaikulu, monga Katete Urban. Kumeneko kuli anamwino, azamba ophunzira, a clinical officer ndi woyang'anira ukhondo wa m'dera. Amayi amacirira komweko, ana amapimidwa pa sikelo, ndipo odwala TB ndi HIV amatengako mankhwala.

Kacinayi pali zipatala. Cipatala ca St Francis ku Katete cinayamba mu 1948, ndipo amaciyendetsa pamodzi a Anglican ndi a Katolika mothandizana ndi boma. Ciliko ndi sukulu ya anamwino, ndipo cimalandira odwala ocokera m'maboma ena a cigawo ca Kum'mawa. Ku Sinda kuli cipatala ca Nyanje, ca mpingo wa Reformed Church in Zambia. Matenda amene alephereka m'zipatala za m'maboma amatumizidwa ku Chipata Central, ndipo akakanikanso kumeneko amapita ku UTH ku Lusaka.

Wodwala akamakwera makwerero amenewa amanyamula kalata yocokera ku kiliniki. Kalatayo imauza dokotala zimene zapimidwa kale ndi mankhwala amene aperekedwa, motero nthawi siitayika. Munthu wa cimfine akalumpha kiliniki ndi kukaima pa mzere wa cipatala cacikulu, amataya ndalama ya ulendo, amataya tsiku, ndiponso amacedwetsa mnzake amene afunikadi opaleshoni. Koma ngozi ya pamsewu, kupsa kwambiri ndi moto, kulumidwa ndi njoka, kumwa poizoni ndi kutaya magazi sizidikira kalata. Zotere zipite msanga ku malo alionse a cipatala amene ali pafupi.

KODI PAFUNIKA NDALAMA?

Akuluakulu ambiri akumbukirabe zaka zimene munthu anali kulipira asanaonane ndi namwino. Malipiro amenewo anayamba mu 1993. Mu April 2006 boma la Pulezidenti Levy Mwanawasa linawacotsa m'maboma a kumidzi, ndipo mu January 2012 anacotsedwa pa thandizo loyamba m'dziko lonse. Conco pa kiliniki ya boma munthu salipira kuti apimidwe malungo, kuti mwana alandire katemera, kuti mayi apite ku sikelo ya apakati kapena kuti acire. Mankhwala a TB ndi aulere, ndipo ma ARV akhala aulere m'zipatala za boma kuyambira mu 2005. Inshuwalansi ya NHIMA, imene inayamba mu 2019, ithandiza makamaka pa thandizo la m'zipatala zimene zinalembetsa. Kusowa khadi la NHIMA sikuyenera kuletsa munthu kupita ku kiliniki.

Mavuto alipo ndithu. Nthawi zina mankhwala amatha ndipo wodwala amalemberedwa kuti akagule. Anchito amacepa, mzere umatalika, ndipo m'dzinja misewu ina yocokera ku Vubwi ndi ku midzi ya kumalire imavuta. Ngakhale zili conco, kupimidwa kumathandiza, cifukwa munthu amakagula mankhwala oyenera matenda ake m'malo mongolota pa kantemba.

KUTSEGULA M'MIMBA NDI PHUNZIRO LA PA KATETE

Mwana wothulula amafa cifukwa madzi ndi mcere zatha m'thupi. Maso amalowa, mkamwa mumauma, mkodzo umacepa, ndipo khungu la pamimba likatsinidwa limacedwa kubwerera. Liwombo la khanda limalowanso. Makolo ena akaona liwombo lalowa amalimata ndi mankhwala acikuda, koma ico ndi cizindikiro cakuti thupi lauma, ndipo cofunika ndi kumwetsa.

Mankhwala ake ndi awiri. Oyamba ndi ORS, amene ambiri amawadziwa kuti madzi a moyo. Paketi yaikulu isungunulidwe mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira Clorin. Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe kotala kapena theka la kapu nthawi iliyonse akacita cimbudzi, wamkulupo amwe theka kapena kapu yodzaza. Akasanza, mayi adikire mphindi 10 ndi kuyambanso pang'onopang'ono ndi sipuni. Madzi otsala atayidwe pakapita maola 24. Aciwiri ndi mapiritsi a zinc, amene mwana amwa kwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegula kutaleka. Wa miyezi 6 kupita m'tsogolo amwa piritsi lathunthu la 20 mg pa tsiku, wocepera apo amwa theka. Kuyamwitsa ndi phala zisaleke. Ngati paketi palibe, banja lingathe kusakaniza masipuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni ya tiyi ya mcere mu lita imodzi ya madzi abwino, uku likukonzeka kupita ku kiliniki.

Pa nkhani imeneyi boma la Katete linaphunzitsapo dziko lonse lapansi. Mu 2012 ndi 2013 bungwe la ColaLife, mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo, linayesa kugulitsa kaphukusi kochedwa Kit Yamoyo m'timasitolo ta kumidzi ya Katete ndi Kalomo. M'kaphukusimo munali ORS wa m'timapaketi ting'onoting'ono ta 200 ml, zinc ndi sopo, ndipo cotengera cake cinali muyeso wa madzi. Kuyesaku kusanayambe, mwa ana 100 otsegula m'mimba panalibe ngakhale mmodzi wathunthu amene anali kulandira ORS ndi zinc pamodzi. Patatha caka ciwerengero cinafika pa 45. Mu 2019 bungwe la WHO linaika ORS ndi zinc zolongedzedwa pamodzi pa mndandanda wa mankhwala ofunika m'maiko onse. Amayi a ku Katete anaonetsa kuti mankhwala akakhala pafupi ndiponso osavuta kuyeza, mayi amapulumutsa mwana wake pakhomo pomwe.

KOLERA WA KU VUBWI

Maboma atatuwa ali kumalire. Vubwi agundana ndi Malawi ndi Mozambique, ndipo msewu wocokera pa Katete umakafika pa cipata ca Chanida. Anthu amaoloka tsiku ndi tsiku kukagula, kukalima ndi kukalira maliro, ndipo kumapeto kwa August caka ciliconse Acewa a maiko atatu amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Kumene anthu ayenda, matendanso amayenda.

Mu March 2022 kolera anabuka ku Malawi, ndipo anapha anthu oposa 1,700. Mu January 2023 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti matendawa alowa m'boma la Vubwi. Mu October caka comweco anabukanso ku Lusaka. Odwala anaculuka mpaka bwalo la masewera la Heroes linasandutsidwa cipatala, masukulu anacedwa kutsegulidwa mpaka February 2024, ndipo anthu oposa 700 anamwalira m'dziko muno. Ambiri mwa iwo anafera kunyumba kapena panjira.

Kolera amadziwika ndi cimbudzi camadzi cooneka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo angathe kupha munthu wamkulu m'maola ocepa. Wodwala ayambe kumwa ORS nthawi yomweyo ndi kupitiriza kumwa ali pa ulendo wopita ku kiliniki. A pa kiliniki akalandira munthu mmodzi wotere amadziwitsa ofesi ya boma tsiku lomwelo, ndipo oyang'anira ukhondo amapita kukathira mankhwala pa citsime ndi m'cimbudzi ndi kulondola amene anakhala naye. Banja lobisa wodwala cifukwa ca manyazi limaika komboni yonse pa ngozi. Munthu akafa ndi kolera, maliro ayendetsedwe ndi a zaumoyo, osasambitsa mtembo ndiponso osaphika cakudya ca anthu ambiri.

M'makomboni vuto lalikulu ndi zitsime zosaya zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi. Mvula ikagwa, zonyansa zimalowa m'madzi. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe Clorin monga mwa malangizo a pa botolo, ndipo adikiridwe mphindi 30. Asungidwe m'cigubu ca kukamwa kwakung'ono kuti ana asamaviikemo manja. Cimbudzi cikhale ndi cotsekera pa dzenje kuti nchenche zisalowe, ndipo panja pake pakhale madzi ndi sopo kapena phulusa. Kusamba m'manja m'beseni limodzi anthu onse asanadye nsima kumafalitsa matenda. Madzi othirirana ndiwo abwino.

MALUNGO

Kutentha thupi kulikonse kupimidwe pasanathe maola 24. Kapimidwe ka magazi a pa cala kamaonetsa zotsatira pa mphindi 15 mpaka 20, ndipo kamacitika pa kiliniki iliyonse, ngakhalenso kwa odzipereka ophunzitsidwa. Chloroquine analeka kugwira nchito kalekale, ndipo dziko la Zambia linasinthira ku Coartem ca m'ma 2003. Coartem amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, pamodzi ndi mkaka kapena cakudya ca mafuta pang'ono monga phala la nsinjiro. Kulekeza pa tsiku laciwiri kuti otsala asungire mwana wina kumabwezeretsa matenda. Ngati magazi aonetsa kuti malungo palibe, makolo asakakamize namwino kupereka Coartem, cifukwa kutentha thupi kungabwerenso ndi cibayo, zilonda za pakhosi, khutu kapena matenda a m'cikhodzodzo. Neti ndi yogonamo usiku uliwonse caka conse. Yochingira dimba kapena khola la nkhuku siteteza munthu.

KHADI LA SIKELO

Khadi la sikelo ndi mbiri ya moyo wa mwana, ndipo liyenera kunyamulidwa nthawi iliyonse mwana akapita ku kiliniki. Pobadwa amalandira BCG ndi madontho a poliyo. Pa masabata 6, 10 ndi 14 amalandira katemera woteteza ku poliyo, cifuwa cokoka mtima, kafumbata, matenda a ciwindi ndi cibayo, pamodzi ndi madontho oteteza ku kutsegula m'mimba. Wa cikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndi kubwerezedwa pa miyezi 18. Waciwiriyu ndi amene makolo ambiri amaiwala, poganiza kuti mwana woyenda watsiriza sikelo. Sikelo imatha pa zaka zisanu. Kawiri pa caka pamakhala Sabata la Umoyo wa Ana, pamene ana amalandira vitamini A ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Atsikana amalandiranso katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, kuti atetezedwe ku khansa ya khomo la ciberekero.

Ena amafunsa cifukwa cimene a zaumoyo amabwerera pakhomo ndi madontho a poliyo pamene mwana analandira kale. Mu February 2022 poliyo anapezeka mwa mwana wa ku Lilongwe, ndipo mu May caka comweco anapezekanso m'cigawo ca Tete ku Mozambique. Malo onse awiri ali pafupi ndi cigawo ca Kum'mawa. Madontho obwereza saononga mwana, koma amalimbitsa citetezo cake.

AMAYI APAKATI

Mayi ayambe sikelo mimba isanapitirire miyezi itatu, ndipo malangizo a masiku ano ndi akuti aonane ndi azamba kasanu ndi katatu asanacire. Kumeneko amapimidwa kuthamanga kwa magazi, kucepa kwa magazi, cindoko ndi HIV. Amalandira mapiritsi oonjezera magazi, neti, katemera wa kafumbata, ndi Fansidar woteteza ku malungo kuyambira mwezi wacinayi. Mayi wopezeka ndi HIV akayamba ma ARV msanga ndi kumwa mokhulupirika, mwana amabadwa wopanda kacirombo pafupifupi nthawi zonse. Bambo akapita limodzi ndi mkazi wake, onse amapimidwa ndi kumvera malangizo pamodzi.

Azamba a kumudzi masiku ano sabereketsa. Ambiri analowa m'magulu a SMAG, amene nchito yao ndi kulangiza ndi kuperekeza mayi ku kiliniki. Kutaya magazi pambuyo pobereka kungathe kupha mayi m'maola awiri, ndipo kunyumba kulibe jekeseni yoletsa. Mankhwala acikuda ofulumizitsa kubereka amang'amba ciberekero. Mayi wokhala kutali, wa mimba yoyamba ali wamng'ono, wa mapasa kapena amene anacitidwapo opaleshoni, apite kukadikirira pafupi ndi cipatala mwezi womaliza. Atacira abwerere ndi khanda pa masiku 6 ndi pa masabata 6.

ZIZINDIKIRO ZOSAFUNA KUDIKIRA KUCE

Mwana atengedwe nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ngati akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza ciliconse, akukomoka kapena kugwedezeka thupi ngati wakhunyu, wafooka osadzuka, m'cimbudzi muli magazi, m'manja mwayera, kapena mapazi onse awiri atupa. Pa cifuwa, makolo awerenge mpweya kwa mphindi imodzi mwana ali phee. Wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, ndiponso wa caka cimodzi mpaka zisanu akapuma ka 40 kapena kuposa, cingakhale cibayo. Pansi pa nthiti pakamalowa mkati popuma, ndiye kuti cakula. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha kapena kuzizira thupi, lisayesedwe ndi mankhwala a kunyumba.

Mayi wapakati athamangire ku kiliniki akaona magazi, mutu ukamawawa kwambiri ndi maso kucita cidima, nkhope ndi manja zikatupa, madzi akasweka nthawi isanakwane, kapena mwana akaleka kugunda. Munthu wamkulu amene akutsokomola kwa masabata awiri, kutuluka thukuta usiku ndi kuonda, akapimitse makhololo. TB imacira ndi mankhwala a miyezi 6. BP ndi shuga zimayenda mwakacetecete, conco wopitirira zaka 40 azipimitsa ngakhale asakumva kuwawa.

MBALI YA ANTHU A M'DERA

Kiliniki iliyonse ili ndi makomiti a zaumoyo a m'madera, ochedwa NHC, osankhidwa ndi anthu eni ake. Komiti imeneyi ndiyo mlomo wa komboni. Ngati mankhwala akusowa kawirikawiri, mjigo waonongeka, zinyalala zaunjikana pa msika kapena wodwala sanalandiridwe bwino, nkhani ipite kwa a komiti kapena kwa woyang'anira kiliniki. Kudandaulira pa citsime sikukonza kanthu.

Palinso ndalama za CDF, zimene mu 2022 zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Ndalama zimenezi zingathe kumangira kiliniki, cipinda cocirira amayi, nyumba ya namwino kapena kukumba mjigo, koma pempho limayambira ku komiti ya citukuko ya wadi. Dera limene anthu ake sapita ku misonkhano limatsalira. Akulu anati mutu umodzi susenza denga.

Pokonzekera mvula, banja lililonse likhale ndi mapaketi awiri a ORS, zinc, botolo la Clorin ndi neti yosang'ambika pa malo alionse ogona. Makhadi a sikelo asungidwe m'pulasitiki pamalo odziwika. Bambo ndi mayi adziwe dzina la wodzipereka wa m'dera lao, nambala ya foni ya ku kiliniki, ndi munthu wa njinga kapena galimoto amene angadzutsidwe usiku. Kandalama ka ulendo kasungidwe padera, ndipo m'nyumba mugwirizanidwe kuti mwana akadwala bambo palibe, mayi kapena agogo anyamuke osadikira cilolezo.